Kusintha dzina mwalamulo ku England ndi ku Wales: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino likuyankha mafunso amene anthu okhala ku England ndi ku Wales amafunsa akafuna kusiya dzina limene ali nalo n'kutenga lina, osati chifukwa chokakamizidwa ndi wina aliyense koma chifukwa chakuti eni ake afuna kutero. Lalembedwa poganizira makamaka Amalawi, anthu a ku Zambia ndi ena olankhula Chichewa amene anakhazikika kumeneko, popeza nkhaniyi imawakhudza mosiyana ndi mmene imakhudzira mbadwa za dzikolo. Kusintha dzinako kumatheka tsiku limodzi, koma kuti zikalata zonse za munthu zifike potchula dzina limodzi pamapita miyezi, ndipo mbali imeneyi ndi imene ambiri saiganizira poyamba.

Kodi lamulo limalola munthu kusintha dzina popanda chifukwa chachikulu?

Inde, limalola. Ku England ndi ku Wales dzina la munthu ndi limene iye akugwiritsa ntchito ndiponso limene anthu akumudziwa nalo, ndipo palibe ofesi ya boma imene ili ndi udindo wovomereza kapena kukana kuti munthu wamkulu atchedwe dzina lina. Choletsa chachikulu n'chimodzi, chakuti dzina latsopanolo lisakhale njira yoberera anthu, yozembera ngongole kapena yothawira mlandu. Simufunsidwa kufotokoza chifukwa chanu kwa woweruza kapena kwa wina aliyense.

Zifukwa za anthu n'zosiyanasiyana ndipo zonse n'zololedwa mofanana. Pali amene anapatsidwa dzina lokumbutsa mavuto amene banja linali nawo pa nthawi imene iwo ankabadwa, monga Mavuto, Masautso kapena Maliro, ndipo atakula sakufunanso kulisenza. Pali amene anakula akulembedwa dzina la bambo amene sanawalere ndipo akufuna la mayi awo kapena la agogo. Ena akufuna kuti mfunda wawo, kaya ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Nkhoma, ulowe pa zikalata m'malo mwa dzina loyamba la bambo limene linalembedwa kusukulu ngati dzina la banja. Ena akufuna kusiya dzina lachingelezi limene anapatsidwa pa ubatizo n'kubwerera ku la kumudzi, ena akufuna kuchita zosiyana ndi zimenezo. Si nkhani yachilendo: Bingu wa Mutharika, amene anakhala pulezidenti wa Malawi kuyambira 2004, anabadwa ndi dzina la banja lakuti Thom, ndipo woimba Elton John anabadwa ali Reginald Kenneth Dwight n'kusintha dzina mwalamulo mu 1972.

Ufulu umenewu sunakhalepo kwa aliyense nthawi zonse. Mu 1916 boma la Britain linaletsa anthu ochokera m'mayiko amene linkamenyana nawo nkhondo kusintha mayina, mu 1919 chiletsocho chinafikira alendo onse, ndipo chinachotsedwa mu 1971.

Ngati lamulo silifuna chilolezo, nanga deed poll ndi yantchito yanji?

Deed poll ndi chikalata chimene munthu amalengeza nacho kuti wasiya dzina lakale ndipo watenga latsopano pa zochitika zonse. Si chikalatacho chimene chimasintha dzina, koma ndi umboni wakuti mwasintha. Anzanu ndi abale akhoza kuyamba kukuitanani dzina latsopano lero lomwe popanda pepala lililonse, koma banki, ofesi ya mapasipoti ndi olemba ntchito sasintha zimene analemba m'mabuku awo asanaone chikalata cholumikiza dzina lakale ndi latsopano.

Kodi ndingathe kulemba ndekha chikalatachi?

Mungathe, ngati muli ndi zaka 16 kapena kuposerapo, ndipo simulipira kalikonse. Tsamba la boma la GOV.UK lili ndi mawu achingelezi amene mungakopere. Mawuwo amanena kuti inu, otchedwa dzina lakutilakuti, okhala pa adiresi yakutiyakuti, mwasiya dzina lanu lakale ndipo mwatenga latsopano pa zochitika zonse, kenako pamabwera tsiku. Mumasaina kawiri, koyamba ndi siginecha ya dzina lakale ndipo kachiwiri ndi ya dzina latsopano, pamaso pa mboni ziwiri za zaka 18 kapena kuposerapo, zimenenso zimalemba mayina ndi maadiresi awo n'kusaina.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapulumutsa munthu ku maulendo obwerezabwereza. Choyamba, mboni zisakhale abale anu kapena anthu amene mumakhala nawo nyumba imodzi, chifukwa mabungwe ena amakana chikalata chimene mboni yake ndi mkazi, mwamuna kapena mchimwene wa mwini dzina. Mnzanu wa kuntchito, woyandikana naye nyumba kapena mkulu wa mpingo ndi wokwanira. Chachiwiri, sindikizani makope angapo ndipo onsewo muwasaine pamodzi ndi mboni zanu pa nthawi imodzi, popeza maofesi ambiri safuna fotokope koma chikalata chenicheni chokhala ndi inki, ndipo chimene mwatumiza pa positi chimatha milungu chisanabwerere. Muyesererenso siginecha yatsopanoyo musanafike pa tebulo losainira, chifukwa imeneyo ndi imene banki idzasunge.

Kodi pali kusiyana kotani pakati pa chikalata cholembetsedwa kukhoti ndi chosalembetsa?

Chikalata chimene mwalemba nokha kapena chimene wakulemberani loya chimatchedwa unenrolled deed poll, ndipo boma silisunga kope lake kulikonse. Ngati muli ndi zaka 18 kapena kuposerapo mukhoza kuchilembetsa ku High Court, ku Royal Courts of Justice mumzinda wa London, ndipo pamenepo chimatchedwa enrolled deed poll. Kulembetsaku kumayendetsedwa ndi malamulo a 1994 otchedwa Enrolment of Deeds (Change of Name) Regulations, kumafuna ndalama pafupifupi £50, ndipo mtengowu umasintha zaka zikamapita. Pamafunikanso munthu amene wakudziwani kwa nthawi yaitali, kawirikawiri zaka 10, kuti alumbire pamaso pa loya kuti inu ndinudi munthu amene watchulidwa pa chikalatacho. Njira imeneyi ndi yotsegukira nzika za Britain ndi za mayiko a Commonwealth, ndipo Malawi ndi Zambia ali m'gulu limenelo.

Anthu ambiri amaganiza kuti chikalata chimene chadutsa kukhoti chili ndi mphamvu kuposa chinzake. Pamaso pa lamulo zonse ziwiri n'zofanana, ndipo HM Passport Office, ofesi ya mapasipoti, ndi DVLA, ofesi ya malaisensi oyendetsera galimoto, amalandira chosalembetsa. Phindu la kulembetsa ndi lakuti umboni umasungidwa, poyamba kukhoti komweko ndipo pakapita zaka umasamutsidwira ku National Archives ku Kew, kotero kuti mukataya chanu mukhoza kupeza kope. Kuipa kwake ndi kwakuti dzina lanu lakale, latsopano ndi adiresi yanu zimasindikizidwa mu The Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma imene aliyense angaiwerenge pa intaneti. Munthu amene akusintha dzina pothawa nkhanza za m'banja kapena munthu amene akumulondalonda aganize mofatsa asanalembetse; woweruza akhoza kulola kuti zina zisasindikizidwe ngati pali chifukwa chomveka, koma njira yotetezeka kwambiri ndi kusalembetsa n'komwe. Kwa anthu ambiri kulembetsa n'kungotaya ndalama ndi nthawi, pokhapokha ngati bungwe linalake limene simungalipewe laumirira kuti likufuna cholembetsedwa. Afunseni a banki yanu musanasankhe.

Nanga makampani a pa intaneti amene amagulitsa zikalatazi ndi a boma?

Ayi. Ngakhale mayina a ena mwa iwo amamveka ngati a nthambi za boma ndipo zikalata zawo zimabwera pa pepala lolimba lokhala ndi chidindo chofiira, amenewa ndi amalonda wamba, ndipo chikalata chawo ndi unenrolled deed poll yofanana ndi imene mukanalemba nokha. Sakuphwanya lamulo, ndipo ena amaona kuti pepala looneka bwino limachepetsa mafunso pa kauntala ya banki, koma dziwani kuti mukulipira maonekedwe basi.

Kodi ndingasankhe dzina lililonse limene ndafuna?

Pafupifupi lililonse. Mukhoza kusintha dzina loyamba, lapakati kapena la banja, kuwonjezera, kuchotsa, kusintha kalembedwe kapena kulumikiza mayina awiri ndi kamzere. Malangizo a boma amanena kuti dzinalo likhale lotchulika, lisakhale ndi manambala kapena zizindikiro, lisakhale lotukwana kapena lonyoza, ndipo lisakhale losokoneza anthu, monga kuika Ltd kumapeto ngati kuti ndinu kampani. Deed poll singakupatseninso ulemu monga Sir, Lady kapena Doctor, ndipo singagwiritsidwe ntchito pongosintha chilembo chaching'ono kukhala chachikulu. Ofesi ya mapasipoti ili ndi mphamvu yokana kusindikiza dzina limene yaona kuti n'losayenera, ndipo dzina limene silingalowe pa pasipoti limangokhala mtolo kwa mwini wake.

Mayina athu ali ndi tinthu tiwiri tofunika kutitchula. Chilembo cha ŵ, chokhala ndi kadenga pamwamba, sichisindikizidwa pa pasipoti ya Britain, chifukwa ofesiyo siika zizindikiro za pamwamba pa zilembo. Mudzangopeza w wamba. Kachizindikiro ka m'mayina monga Ng'oma ndi Ng'ambi n'kololedwa, monga mmene kalili kololedwa m'dzina la O'Hara, koma m'mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi, imene makina a pabwalo la ndege amawerenga, kamachotsedwa ndipo dzinalo limaoneka NGOMA. Zimenezi si cholakwika ndipo sizifuna deed poll. Makompyuta ambiri a makampani a ndege salandiranso kachizindikiroka, choncho tikiti yolembedwa Ngoma ndi yogwirizana ndi pasipoti yolembedwa Ng'oma.

Kodi satifiketi yanga ya kubadwa idzasinthidwa?

Ngati munabadwira ku England kapena ku Wales, siisinthidwa. Satifiketiyo imatengedwa ngati mbiri ya zimene zinali zoona pa nthawi imene munalembetsedwa, ndipo kuyambira tsiku losintha dzina mudzaionetsa pamodzi ndi deed poll nthawi iliyonse imene yafunidwa. Umodzi mwa mipata yochepa imene ilipo ndi wa khanda: makolo akhoza kusinthitsa dzina loyamba la mwana m'kaundula ngati dzina latsopanolo linaperekedwa pasanathe miyezi 12 chilembetsereni. Ngati munabadwira ku Malawi kapena ku Zambia, ofesi iliyonse ya ku Britain ilibe mphamvu pa satifiketi yanu.

Ndili ndi pasipoti ya Malawi ndipo ndikukhala ku England pa visa. Kodi deed poll indithandiza?

Funso limeneli ndi limene likukhudza ambiri mwa owerenga tsamba lino, ndipo yankho lake silosangalatsa. Palibe chokuletsani kulemba deed poll, ndipo chikalatacho chikhala chovomerezeka m'malamulo a England. Vuto ndi lakuti chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chinamangidwa pa pasipoti yanu, ndipo Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, imatsatira mfundo yakuti munthu akhale ndi dzina limodzi pa zikalata zonse za boma. Choncho kawirikawiri siisintha dzina pa eVisa yanu, umboni wa pa intaneti wa chilolezocho, imene inalowa m'malo mwa makadi a chilolezo otchedwa BRP amene ambiri anatha mphamvu pa 31 December 2024, pokhapokha dzinalo litayamba lasintha pa pasipoti ya dziko lanu. Pali magulu ochepa amene amaganiziridwa mwapadera, monga othawa kwawo amene sangapite kwa akuluakulu a dziko lawo, koma Mmalawi amene ali pa visa ya ntchito, ya maphunziro kapena ya banja sali m'gulu limenelo.

Pasipoti ya Malawi imaperekedwa ndi nthambi ya Immigration ya ku Malawi motsatira malamulo a Malawi, ndipo malamulowo si omasuka ngati a ku England. Kuli lamulo lotchedwa Change of Name (Restriction) Act, limene limafuna kuti munthu apemphe chilolezo cha boma ndiponso kuti cholinga chake chilengezedwe poyera. N'chifukwa chake m'nyuzipepala za ku Malawi mumapezeka zidziwitso za anthu osintha mayina. Kuwonjezera apo, chiyambireni kalembera wa chiphaso cha unzika mu 2017, dzina limene lili m'kaundula wa National Registration Bureau ndi limene maofesi ena amatsatira. Pepala limene mwasainira ku Leeds kapena ku Leicester pamaso pa anzanu awiri silikakamiza ofesi iliyonse ya ku Lilongwe kuchita kanthu.

Ndondomeko yanzeru ndi kuyambira kumudzi. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London zimene zikufunika pa nthawiyo, sinthani dzina motsatira lamulo la Malawi, konzetsani chiphaso cha unzika, tengani pasipoti yatsopano, ndiyeno mudziwitse Home Office kudzera pa akaunti yanu ya UKVI, nthambi yake yoona za ma visa. Mukatero mabanki ndi olemba ntchito savuta. Amene amayambira ku England amapezeka kuti banki ikuwadziwa ndi dzina lina pamene pasipoti ndi visa zikutchula lina, ndipo kusiyanako kumaonekera pa nthawi yoipa kwambiri, monga posintha ntchito, pamene bwana watsopano akutsimikiza kuti muli ndi chilolezo chogwira ntchito, kapena pochita lendi nyumba. Ngati mwatsala pang'ono kupempha chilolezo chokhazikika kapena unzika, ndi bwino kudikira kuti pempholo lithe kapena kufunsa kaye loya wa nkhani za olowa m'dziko.

Ngati ofesi ya kunja kwa Britain yapempha kuona deed poll yanu, kawirikawiri imafuna kuti chikalatacho chitsimikizidwe ndi loya kapena notary public, kenako chidindidwe apostille ku Legalisation Office ya unduna woona za kunja wa Britain.

Ndili ndi unzika wa mayiko awiri. Kodi ndingasinthe dzina pa pasipoti ya Britain yokha?

Kawirikawiri ayi. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, ndipo Zambia inachita chimodzimodzi posintha malamulo aakulu a dziko mu 2016, choncho anthu okhala ndi mapasipoti awiri akuchuluka. Popempha pasipoti ya Britain mumayenera kuulula mapasipoti ena onse amene muli nawo, ndipo HM Passport Office imafuna kuti dzina ligwirizane pa onsewo isanakupatseni yatsopano. Imamvetsa pokhapokha mutaonetsa umboni wakuti dziko linalo silingalole kusinthako. Apanso ntchito imayambira ku pasipoti ya kwanu.

Zikalata zanga zili kale ndi mayina osiyana. Kodi ndikufunika deed poll?

Vuto limeneli n'lofala pakati pathu kuposa kufuna dzina latsopano. Munthu mmodzi amapezeka kuti pa satifiketi ya MSCE analembedwa Mabvuto, pa pasipoti Mavuto. Pa digiri dzina la mfunda lili pakati, pa chiphaso cha unzika lili kumapeto. Kapena analemba mayeso a Sitandade 8 kachiwiri ndi dzina lina n'kupitiriza nalo sukulu yonse pamene kumudzi ndi kutchalitchi akudziwika ndi loyamba lija. Ngati simukufuna dzina latsopano koma kungoonetsa kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, chimene chimathandiza ndi statutory declaration, lumbiro lolembedwa limene mumasainira pamaso pa loya kapena commissioner for oaths, ndipo malipiro a kulumbiritsako ndi £5. M'lumbirolo mumatchula kalembedwe kalikonse monga mmene kalili pa chikalata chilichonse, osakonza ngakhale chilembo chimodzi, n'kunena dzina limene mukugwiritsa ntchito panopa. Anamwino ndi azamba amene akulembetsa ku Nursing and Midwifery Council, komanso aliyense amene akutumiza masatifiketi ake kuti awunikidwe, achite zimenezi asanatumize pempho m'malo modikira kuti afunsidwe.

Kunama m'lumbiro lotere ndi mlandu, choncho musalembe nkhani yokometsera. Ngati dzina linasiyana chifukwa chobwereza kalasi, nenani kuti munkadziwika ndi mayina onse awiri ndipo muleke pomwepo.

Kodi ndikakwatiwa kapena banja likatha ndiyenera kulemba deed poll?

Mkazi kapena mwamuna amene akutenga dzina la banja la mnzake safunika deed poll, satifiketi ya ukwati ndi yokwanira. Palibenso lamulo lokakamiza mkazi kutenga dzina la mwamuna wake. Deed poll imafunika ngati awiriwo akufuna kupanga dzina latsopano losakaniza awo, kapena ngati wina akufuna kusandutsa dzina lake lakale kukhala lapakati. Banja likatha, mabungwe ambiri amalola munthu kubwerera ku dzina lake lakale akaonetsa satifiketi ya ukwati pamodzi ndi chigamulo chomaliza cha khoti, chimene kale chinkatchedwa decree absolute ndipo kuyambira April 2022 chimatchedwa final order. Amene anangopatukana osasudzulana kukhoti, komanso amene ukwati wawo unali wa chinkhoswe chokha popanda satifiketi imene ofesi ingalandire, amagwiritsa ntchito deed poll.

Nanga kusintha dzina la mwana?

Apa ufulu uja umachepa kwambiri. Mwana wosakwana zaka 16 sangasinthidwe dzina popanda chilolezo cha aliyense amene lamulo limamupatsa udindo wa kholo pa mwanayo. Mayi amakhala ndi udindowu nthawi zonse. Bambo amakhala nawo ngati anakwatirana ndi mayiyo, kapena ngati dzina lawo linalembedwa pa satifiketi ya kubadwa ya mwana amene analembetsedwa ku England kapena ku Wales kuyambira pa 1 December 2003, kapenanso ngati anaupeza mwa pangano kapena kudzera kukhoti. Kuti bambo sapereka chithandizo, kapena sanamuone mwanayo kwa zaka, sikuchotsa udindo umenewu. Mofananamo, malume kapena agogo alibe mawu pamaso pa lamulo la kumeneko, ngakhale kwathu kuchikamwini mwini mbumba ndi amene akanayamba kufunsidwa.

Makolo akalephera kugwirizana, amene akufuna kusinthako amapempha khoti la mabanja chigamulo chotchedwa specific issue order pogwiritsa ntchito fomu ya C100, motsatira Children Act ya 1989, ndipo nthawi zambiri amayenera kuyamba wakumana ndi mkhalapakati. Pa mlandu wa Dawson v Wearmouth mu 1999, House of Lords, khoti lalikulu koposa pa nthawiyo, inatsindika kuti chimene khoti limayang'ana ndi ubwino wa mwanayo, osati zofuna za kholo. Oweruza amaona dzina la banja ngati chingwe cholumikiza mwana ndi kholo limene sakukhala nalo komanso ndi mtundu wake, choncho salola msanga kuti lichotsedwe chifukwa chongoti mayi akwatiwanso ndipo akufuna ana onse m'nyumbamo akhale ndi dzina limodzi. Nthawi zambiri njira imene imadutsa ndi yolumikiza mayina a makolo onse awiri. Maganizo a mwana amene wafika pozindikira amamvedwanso.

Khoti likhoza kulowererapo ngakhale pa dzina loyamba, ngakhale kuti zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo. Mu 2016 Court of Appeal inaletsa mayi wina wa ku Wales kutcha mwana wake wamkazi dzina lakuti Cyanide, limene ndi dzina la poizoni, poona kuti likanamuvulaza mumtima akamakula. Wachinyamata wa zaka 16 kapena 17 akhoza kulemba yekha deed poll yosalembetsa, pokhapokha ngati pali chigamulo cha khoti chokhudza iye chimene chikuletsa.

Ndikasintha dzina, ndiyenera kudziwitsa ndani, ndipo ndiyambire pati?

Nzika ya Britain iyambire pa chikalata chokhala ndi chithunzi, chifukwa chimenecho chikasintha ena onse amatsatira mosavuta. Laisensi yoyendetsera galimoto ndi poyambira pabwino: DVLA siilipiritsa posintha dzina, mumatumiza fomu ya D1 pamodzi ndi laisensi yakale ndi deed poll, ndipo kusawadziwitsa kukhoza kukubweretserani chindapusa chofika £1,000. Buku la galimoto la V5C limasinthidwa palokha. Pasipoti imafuna kupempha yatsopano ndi kulipira mtengo wonse, ndipo kuwonjezera pa deed poll amafuna umboni wakuti dzinalo mwayamba kale kuligwiritsa ntchito, monga kalata ya banki, ya khonsolo kapena pepala la malipiro a kuntchito. Chifukwa cha ichi ndi bwino kuti olemba ntchito anu ndi khonsolo adziwe msanga.

Otsala ndi HMRC ya misonkho, DWP ngati mumalandira chithandizo kapena penshoni ya boma, dokotala wanu wa GP, kaundula wa ovota, mabanki onse, a inshulansi, a penshoni ya kuntchito, eni nyumba kapena amene anakukongozani ndalama yogulira nyumba, HM Land Registry ngati muli ndi nyumba yanu, sukulu ya ana ndi bungwe loyang'anira ntchito yanu. Nambala yanu ya National Insurance ndi ya NHS sizisintha. Mayunivesite ambiri sasindikizanso digiri imene inaperekedwa kale m'dzina lakale, choncho idzayenda ndi deed poll moyo wanu wonse. Wilo imene munalemba m'dzina lakale imakhalabe ndi mphamvu, ngakhale kuti ndi bwino kusunga kope la deed poll pamodzi nayo.

Samalani ndi maulendo. Dzina la pa tikiti ya ndege liyenera kufanana ndi la pa pasipoti imene muyendere, osati la pa deed poll, ndiye ngati mwagula kale tikiti yopita kumudzi pa Khirisimasi, dikirani mubwereko musanatumize pasipoti. Amene amatumiza ndalama kumudzi kapena ali ndi akaunti, malo kapena nyumba ku Malawi akumbukire kuti zonsezo zidakali m'dzina lakale, ndipo tsiku logulitsa malowo kapena logawa chuma chamasiye padzafunika umboni wolumikiza mayina awiriwo umene maofesi a kumeneko angaulandire.

Kodi dzina latsopano limafufuta ngongole kapena mbiri ya milandu?

Silifufuta kalikonse. Mabungwe osunga mbiri ya ngongole, Experian, Equifax ndi TransUnion, amalumikiza dzina lakale ndi latsopano, ndipo mapangano onse amene munasainira amakumanganibe. Fomu ya DBS yofufuzira mbiri ya milandu ya munthu, imene aliyense wogwira ntchito yosamalira okalamba, odwala kapena ana amaidziwa bwino, imafunsa mayina onse amene munagwiritsapo ntchito, ndipo kubisa dala dzina lakale ndi mlandu. Munthu amene ali m'kaundula wa opalamula milandu yogwiririra ayenera kudziwitsa apolisi pasanathe masiku 3 atasintha dzina, malinga ndi Sexual Offences Act ya 2003, ndipo akapanda kutero akhoza kumangidwa mpaka zaka 5. Amene khoti linamulengeza kuti walephera kubweza ngongole ndipo sanamasulidwe saloledwa kuchita bizinesi m'dzina lina popanda kuuza amene akuchita nawo malondawo dzina limene analengezedwa nalo.

Kodi ku Scotland ndi chimodzimodzi?

Ufulu wogwiritsa ntchito dzina limene wafuna ulipo, koma njira yake ndi ina. Munthu amene anabadwira ku Scotland kapena amene anatengedwa kukhala mwana wa banja lina mwalamulo kumeneko akhoza kulembetsa kusinthako ku National Records of Scotland ku Edinburgh, ndipo mosiyana ndi ku England, satifiketi ya kubadwa yatsopano imaonetsa dzina latsopano pamodzi ndi lakale. Pali malire: munthu wa zaka 16 kapena kuposerapo amaloledwa kulembetsa kusintha dzina loyamba kamodzi kokha ndi dzina la banja katatu, ndipo pakati pa kusintha kwa dzina la banja kumodzi ndi kwina payenera kudutsa zaka 5. Mmalawi wokhala ku Glasgow kapena ku Edinburgh amene anabadwira kumudzi sangagwiritse ntchito njira imeneyi, koma amagwiritsa ntchito statutory declaration kapena deed poll, ndipo zonse zimene zanenedwa pamwambapa zokhudza pasipoti ndi visa zimamukhudza chimodzimodzi, popeza nkhani za olowa m'dziko zimayendetsedwa ndi Home Office m'dziko lonse la United Kingdom.

Bwanji nditataya chikalatacho, kapena nditafuna kubwerera ku dzina langa lakale?

Ku England ndi ku Wales palibe malire a kuchuluka kwa nthawi zimene munthu angasinthe dzina, ndipo kubwerera ku lakale kumangofuna deed poll ina yosiya latsopano lija. Chikalata choyamba musachitaye, chifukwa ofesi ya mapasipoti imafuna kuona mndandanda wonse kuyambira pa dzina lobadwa nalo kufika pa limene muli nalo lero, ndipo pakasowa chikalata chimodzi pakati pempho limaima.

Mukataya deed poll yosalembetsa palibe ofesi ya boma imene ingakupatseni kope. Ngati anakulemberani ndi loya, yambani mwafunsa ngati anasunga lake. Apo ayi, mumalemba statutory declaration yofotokoza dzina lakale, latsopano ndi nthawi imene munasintha, n'kulumbira pamaso pa loya, ndipo mabungwe ambiri amailandira m'malo mwa chotayikacho, makamaka ngati pasipoti kapena laisensi yanu ili kale m'dzina latsopanolo.